Ayuda amathokozeranji ngakhale potuluka m'chimbudzi?

Mayi a ku Glenhazel: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso, makamaka kwa aphunzitsi ndi ena odziwa Baibulo. Kuno ku Joni ndimagwira ntchito m'nyumba ya Ayuda, aja ogwiritsitsa chipembedzo chawo. Pakhoma, panja pa chitseko cha chimbudzi, anamatapo kapepala kolembedwa m'Chiheberi ndi m'Chingerezi. Munthu akatuluka amasamba m'manja, n'kuima pamenepo milomo ikugwedera chamumtima, kenako n'kumapita. Ndi ana omwe amatero. Nditafunsa amadamu anandiuza kuti ndi pemphero lothokoza Mulungu poti thupi lagwira ntchito yake. Kodi zimenezi zili m'Baibulo, kapena ndi mwambo wawo chabe?

Wa ku Ndirande: Kkkkk amayi, ndiye kuti tsiku lotsegula m'mimba kumeneko kumakhala chitsitsimutso.

Mayi a ku Glenhazel: Iwe usandiseketse, ndili pantchito.

Mphunzitsi Wopuma: Zikomo amayi pofunsa. M'Baibulo mawu amenewo simungawapeze. Ali mu Talmud, mabuku a zokambirana za arabi, aphunzitsi achiyuda akale, amene anasonkhanitsidwa ku Babulo cha m'ma 500 Yesu atabadwa. Gawo lake loyamba limatchedwa Berakhot, ndipo nkhani yake ndi mapemphero ndi madalitso. Pemphero mukunenalo amalitcha Asher Yatzar, ndipo limatchulidwa m'dzina la Abaye, mphunzitsi wa ku Babulo komweko wa zaka za m'ma 300. Mwachidule limati: wodalitsika ndinu Mulungu amene munaumba munthu mwanzeru, n'kumuikira mabowo ndi mphako zambiri, n'zodziwika pamaso panu kuti patatseguka poyenera kutsekeka, kapena patatsekeka poyenera kutseguka, munthu sangakhale moyo n'kuima pamaso panu. Limathera potchula Mulungu kuti wochiritsa thupi lililonse ndi wochita zodabwitsa. Amaimira panja chifukwa dzina la Mulungu salitchula m'kati mwa chimbudzi.

Ndipo ili ndi limodzi chabe. Rabi Meir, wa zaka za m'ma 100, anaphunzitsa kuti munthu azinena madalitso 100 tsiku lililonse. Lilipo la pakudya, la pakumwa, la pakumva bingu, la pakuona utawaleza, la pakununkhiza kafungo kabwino, la pakudya chipatso koyamba m'nyengo yake.

Nesi wa ku Manchester: Achimwene a ku Ndirande, sekani lero. Ine ndimasamalira okalamba kuno, mbali ya Prestwich komwe kuli Ayuda ambiri. Mudzaone bambo wamkulu mkodzo utamutsekera usiku wonse, chinena chitauma gwa, thukuta lili kamukamu, akugwira chitsulo cha bedi. Tikamuika kachubu, mkodzo n'kuyamba kutsikira m'kathumba, nkhope imasintha muli pomwepo. Amene analemba pemphero limenelo anaonapo zotere. Tinali ndi agogo ena amene matenda oiwala anawafika poti ana awo omwe sankawazindikira. Koma ukawatulutsa m'chimbudzi n'kuwasambitsa m'manja, pempherolo linkatuluka lonse mpaka kumapeto, osaphonya.

Wa ku Mangochi: Ifenso Asilamu tili nawo mawu olowera ndi otulukira. Potuluka timati ghufranaka, kupempha chikhululuko, ndipo ambiri amaonjezera kuthokoza Allah pochotsa zoipa m'thupi n'kutipatsa mpumulo. Ine sizikundidabwitsa.

Mkulu wa Mpingo: Abale, ndawerenga zonse. Kuthokoza n'kwabwino, sindikutsutsa. Koma madalitso 100 patsiku? Kodi Mulungu tizimuwerengera ngati tikuyeza chimanga pa sikelo? Mateyu 6:7 akuti popemphera musabwerezebwereze mawu chabe. Pemphero loona ndi lotuluka mumtima pa nthawi imene Mzimu wakukhudza. Zoloweza pamtimazi n'zimene zimapangitsa munthu kulemekeza Mulungu ndi milomo mtima uli kutali.

Mphunzitsi Wopuma: Akulu ampingo, nkhawa yanuyo Ayuda anayamba kukangana nayo okha kalekale. Mu Mishnah, malamulo amene analembedwa cha m'ma 200, Rabi Eliezer akuti amene wasandutsa pemphero lake kukhala ntchito yongokwaniritsa, pemphero lakelo si kupembedzera ayi. Buku lomwelo likuti anthu opembedza akale ankayamba akhala chete ola lathunthu asanapemphere, kuti mtima ulunjike kwa Mulungu. Ndipo mawu a milomo ndi mtima mwatchulawo ndi a Yesaya, Myuda kudzudzula Ayuda anzake.

Kusiyana kuli apa. Ife timati dikira mtima ukhudzike ndiye uthokoze. Iwo amati thokoza pa nthawi yake, mtima uziphunzira m'njira. Mafunso amene ndimadzifunsa ine ndi awa: pamwezi mtima wanga umakhudzika kangati? Ndipo masiku otsalawo ndimatani? Pajatu nafenso Atate Wathu timanena mlungu ndi mlungu mawu osasintha, ndipo palibe amene amati tileke.

Mkulu wa Mpingo: Atate Wathu anatiphunzitsa ndi Ambuye mwini wake, aphunzitsi. Musafanizire.

Mphunzitsi Wopuma: Ndavomera. Koma Ambuye yemweyo atanyamula mkate anayamba wadalitsa asanaunyeme, monga Myuda aliyense wa nthawi yake. Ndipo atafunsidwa lamulo lalikulu pa Maliko 12:29 anayankha ndi Shema, mawu a pa Deuteronomo 6:4 amene Ayuda amanena m'mawa ndi madzulo mpaka lero.

Mayi a ku Glenhazel: Za m'mawazo ndimazimva. Ana akangotsegula maso, asanatsike pabedi, amayi awo amawayimbitsa kanyimbo kakafupi koyamba ndi Modeh Ani. Ndinakaloweza osadziwa tanthauzo, mpaka mtsikana wamkulu anandimasulira: ndikuthokoza pamaso panu, Mfumu yamoyo ndi yosatha, poti mwandibwezera mzimu wanga mwachifundo, kukhulupirika kwanu n'kwakukulu. Basi. Kenako amasamba m'manja ndi kapu ya zogwirira ziwiri, kuthira dzanja ili, kuthira linalo, mosinthanasinthana.

Mphunzitsi Wopuma: Ndi mawu 12 okha m'Chiheberi, ndipo dzina la Mulungu mulibemo, dala, kuti munthu athe kuwanena asanasambe. Limeneli si lakale kwambiri: linayamba kuoneka m'buku la Moshe ben Machir wa ku Safed, losindikizidwa mu 1599. Mawu omalizawo achokera pa Maliro 3:23. Taganizani, pemphero lodzukira latengedwa m'buku lolira mzinda utawotchedwa.

Akale kwambiri ndi madalitso otsatira, amene Talmud inawamangirira ku zochita za m'mawa chimodzichimodzi. Ukamva tambala, dalitsa amene anapatsa tambala nzeru yosiyanitsa usana ndi usiku. Ukatsegula maso, amene amatsegula maso a akhungu. Ukadzuka n'kukhala tsonga, amene amamasula omangidwa. Ukavala, amene amaveka amaliseche. Ukaimirira, amene amawongola owerama. Ukavala nsapato, amene wandipatsa zosowa zanga zonse. Masiku ano ambiri amangowanena onse pamodzi poyamba mapemphero, koma chiyambi chake chinali chimenecho.

Wa ku Ndirande: Ndiye n'chifukwa chake anthu amenewa ndi olemera eti? Mawa ndiyamba ndi tambala wa aneba.

Nesi wa ku Manchester: Ayi achimwene, bodza limenelo lisiyeni, lavulaza anthu ambiri m'mbiri. Kuno ndimaona mabanja achiyuda a ana ambiri amene amalandira chakudya cha Sabata kuchokera ku mabungwe awo othandiza osauka. Ndipo mapempherowa sakulonjeza chuma paliponse. Si mbewu yofesa kuti ukolole galimoto.

Mphunzitsi Wopuma: Asisi anena zoona. Ben Zoma, mphunzitsi wina wachiyuda wakale, anafunsa kuti wolemera ndani, n'kuyankha kuti ndi amene akondwera ndi gawo lake.

Mnyamata wa ku Arava: Ndalowa mochedwa, tinali kumunda. Ine ndili ku Israel kwenikweniko, kuchipululu cha kumwera, ndinabwera ndi magulu aja anayamba kunyamuka ku Lilongwe mu November 2023. Ndikuuzeni zoona, musaganize kuti Myuda aliyense amachita zimenezi. Abwana anga sindinawaonepo akupemphera. Kachipewa kapamutu savala, Loweruka amayendetsa galimoto kupita kunyanja. Anthu ambiri m'midzi ya alimi kuno ndi otero. Koma Lachisanu madzulo banja lonse limakumana pa tebulo, ana ochokera kutali amabwera, ndipo tsiku la Yom Kippur, tsiku lawo lalikulu losala kudya ndi kulapa machimo, ngakhale iwowo galimoto saigwira. Msewu umakhala zii, ana akungopalasa njinga pakati pa tala.

Mayi a ku Glenhazel: Mwana wanga, uli bwino kumeneko? Ndiye kwasiyana ndi kuno. Kwathu kuno masinki ndi awiri, wa nyama ndi wa mkaka, mapoto ndi masipuni chimodzimodzi. Ndikafuna kuphikira banja, chitofu amayamba ayatsa ndi amadamu. Tsiku lina ndinaphika nsima, ana anaikonda, ndiye panabuka mtsutso pa tebulo kuti dalitso lake ndi liti. Bambo anagamula kuti chimanga chootcha chili ndi dalitso la zomera m'nthaka, koma chikagayidwa n'kukhala ufa maonekedwe ake atayika, ndiye nsima imalowa m'dalitso la zinthu zonse, lija limati zonse zinakhalapo ndi mawu ake. Ine ndinakhumudwa pang'ono. Nsima yathu kuiika gulu limodzi ndi madzi ndi maswiti!

Wa ku Ndirande: Apa ndiye alakwa. Nsima ikufunika dalitso lakelake, la mavesi anayi ndi kolasi.

Mphunzitsi Wopuma: Kkkk. Dalitso la mkate ndi pemphero lalitali la pambuyo pa chakudya anazisungira buledi wa tirigu, barele ndi mbewu zina zitatu za mtundu umenewo. Chimanga sichinkadziwika kumeneko nthawi ya arabi, chinachokera ku America. Nthochinso imawadabwitsa ambiri: amaidalitsa ngati chomera m'nthaka, osati chipatso cha mtengo, poti thunthu lake likabereka limafa.

Koma taonani chimene mtsutso wa pa tebulowo umachita. Mwana sangaike kanthu m'kamwa asanadzifunse kuti ichi n'chiyani, chachokera kuti. Talmud imati kudya za m'dziko lino osadalitsa kuli ngati kuba za Mulungu. Rabi Levi anaika mavesi awiri pamodzi: Salimo 24 ikuti dziko lapansi ndi la Yehova, Salimo 115 ikuti dziko lapansi analipereka kwa ana a anthu. Zoona ndi ziti? Anati loyambalo ndi usanadalitse, lachiwirilo ndi utadalitsa.

Chinanso: ife timapemphera tisanadye, tikakhuta aliyense n'kumwazika. Kwa iwo lamulo la m'Malemba lenileni ndi la pambuyo, Deuteronomo 8:10, udzadya, udzakhuta, ndipo udzayamika. Mukawerenga mavesi otsatira muona chifukwa chake: kuopa kuti ukakhuta n'kumanga nyumba zabwino ungayambe kunena kuti ndi mphamvu ya dzanja langa. Wanjala saiwala Mulungu. Amaiwala ndi wokhuta.

Mtsikana wa ku Chanco: Aphunzitsi, mwasankha okoma okhaokha. Pa madalitso a m'mawa omwewo pali atatu amene simunawatchule: kuthokoza kuti sanandilenge wamitundu, sanandilenge kapolo, sanandilenge mkazi. Ine monga mkazi, komanso wamitundu, ndiombe m'manja?

Mphunzitsi Wopuma: Alipodi, mwana wanga, ndipo ali mu Talmud, pa tsamba lomwe lija pali za madalitso 100. Owateteza amati nkhani yake ndi chiwerengero cha malamulo: mwamuna womasuka wachiyuda ali ndi malamulo ambiri oti asunge, ndiye akuthokoza katundu wolemerayo. Akazi a gulu la Orthodox, aja ogwiritsitsa mwambo wakale, pamenepo amati, amene anandilenga monga mwa chifuniro chake. Koma Ayuda ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo. A gulu la Conservative ku America anawasintha m'buku lawo la mapemphero la 1946, n'kuika akuti anandilenga m'chifaniziro chake, anandilenga mfulu, anandilenga Mwisraeli. A Reform nawonso sawanena mwakale muja.

Mkulu wa Mpingo: Ndipo Paulo anayankha kale pa Agalatiya 3:28. Muno mulibe Myuda kapena Mhelene, kapolo kapena mfulu, mwamuna kapena mkazi. Atatu omwewo, mndandanda womwewo.

Mtsikana wa ku Chanco: Vesi n'labwino abambo, koma m'mipingo yathu ina mkazi mpaka lero sakwera pa gome. Tisathamangire kuloza anzathu. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti kapempheredwe konse ka chamumtima arabi anakatengera kwa Hana pa 1 Samueli 1, milomo ikugwedera mawu osamveka. Ndipo amati munthu woyamba kuthokoza Mulungu chilengedwere dziko anali Leya, atabala Yuda. Aphunzitsi a pemphero ndi akazi, koma powerenga anthu 10 ofunika kuti mapemphero a gulu ayambe, kwa a Orthodox mkazi sawerengedwa.

Nesi wa ku Manchester: Zimenezo ndimaziona. Kuntchito kwathu masana ena amuna amakwana 9, ndiye mumaona wina akuzungulira m'makonde kufunafuna wa 10, pamene amayi ali phee pa mipando. Timakankha agogo ena pa njinga yawo, atulo tawo, kuti nambala ikwane. Koma ndinenenso mbali inayo: agogo amenewo akalowa, chipinda chonse chimawalandira ngati nduna, chifukwa popanda iwo wamasiye sanganene Kaddish, pemphero la ofedwa. Munthu woti sathanso kudzidyetsa, koma akufunidwa.

Mphunzitsi Wopuma: A Conservative anayamba kulola kuwerenga akazi mu 1973. Nkhaniyi pakati pawo sinathe.

Mlongo wa ku Kasungu: Pepani ndilowerere. Ine ndakhala ndikungowerenga. Mayi anga anatisiya chaka chino, ndipo mawu akuti tiziyamika m'zonse anthu anandiuza mpaka ndinatopa nawo. Ena pamaliro pomwe ankati musalire, thokozani. Kodi Ayudawo wina akamwalira amathokozanso?

Nesi wa ku Manchester: Pepani kwambiri asisi. Zimene ndaona ine, salamula munthu kuti asalire. Uthenga ukafika amati Baruch dayan ha'emet, wodalitsika woweruza woona. Ana a malemu amang'amba chovala pachifuwa. Akaika maliro amakhala m'nyumba masiku 7 pa timipando tatifupi, osapita kuntchito, anthu n'kumabwera ndi chakudya. Chimene ndinachikonda: wodzapepesa sayenera kuyamba kulankhula. Amakhala chete mpaka wofedwayo ayambe yekha, ndipo akapanda kuyamba, mlendo amakhala chete mpaka kunyamuka. Anatengera kwa anzake a Yobu, aja anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu.

Mphunzitsi Wopuma: Pepani mayi. Mishnah imanenadi kuti munthu adalitse pa zoipa monga adalitsira pa zabwino, koma mawu ake ndi osiyana. Pa uthenga wabwino amati wabwino ndi wochita zabwino. Pa imfa sanena zimenezo, amangovomereza kuti woweruza ndi Mulungu. Sakukakamiza wofedwa kutcha chowawa kuti chokoma. Ndipo amene abale ake amwalira koma sanaikidwe amamasulidwa ku mapemphero onse a nthawi zoikika, ngakhale Shema. Kaddish imene mwana amanena miyezi 11 kholo likamwalira sitchula imfa n'komwe, ndi mawu okweza dzina la Mulungu, ndipo sanganene ali yekha. Ndiye lamulolo limamutulutsa m'nyumba tsiku ndi tsiku kupita pakati pa anthu, afune asafune.

Mwambo wawo ulinso ndi malo okangana ndi Mulungu. Abrahamu anatsutsana naye za Sodomu. Masalimo ambiri ndi madandaulo. Musadzione ngati wochimwa poti kuyamika sikukutuluka pakali pano.

Mlongo wa ku Kasungu: Zikomo. Za kukhala chetezo zandikhudza. Amene ananditonthoza kwambiri ndi azakhali anga, anangokhala pambali panga pamphasa usiku wonse.

Wa Sabata ku Thyolo: Mulungu akutonthozeni mlongo. Ine ndifunse aphunzitsi: pa Sabata amapemphera mosiyana?

Mphunzitsi Wopuma: Kwambiri. Pemphero lawo lalikulu, Amidah, amalinena ataimirira, mapazi pamodzi, kuyang'ana ku Yerusalemu, katatu patsiku monga Danieli ankachitira. Masiku wamba lili ndi madalitso 19, ndipo 13 apakati ndi zopempha: nzeru, chikhululuko, machiritso, mvula ndi zokolola, chilungamo. Pa Sabata 13 onsewo amachotsedwa, pamalo pake n'kuikapo limodzi la tsikulo. Tsiku limodzi pamlungu munthu amaima pamaso pa Mulungu osatambasula dzanja.

Pali kanthu kena kamene kangakondweretse akulu ampingo. Onse akamaliza chamumtima, wotsogolera amabwereza mokweza, gulu n'kumangoti Amen. Koma akafika pa dalitso lothokoza, aliyense amawerama n'kunena mawu ake othokoza. David Abudarham wa ku Seville, amene analemba za mapemphero cha m'ma 1340, anafotokoza kuti pempho ungatume wina kukakunenera kwa mfumu, koma kuvomereza kuti ndiwe wake ndi kumuthokoza sutuma munthu.

Mkulu wa Mpingo: Limenelo ndalilandira. Koma funso langa likadalipo. Munthu kungolankhula ndi Mulungu wake m'mawu akeake, monga timachitira tikakwera ku phiri la Bunda, alibe?

Mphunzitsi Wopuma: Ali nako. Rabi Nachman wa ku Breslov, amene anamwalira mu 1810 ku Uman m'dziko la Ukraine, ankauza omutsatira kuti tsiku lililonse azipatula ola limodzi, apite kwayekha, makamaka kutchire kapena kumunda usiku, akalankhule ndi Mulungu m'chinenero cha kunyumba, osati cha m'buku. Amakutcha hitbodedut. Koma sanati asiye mapemphero oikika. Ziwirizi amaziyendetsa limodzi.

Mkulu wa Mpingo: Chabwino. Komabe ine ndimayeza mtengo ndi zipatso. Munthu akhoza kunena madalitso 100 n'kukhalabe wankhanza.

Mnyamata wa ku Arava: Apo abambo mwalasa. Ine za mapemphero sindidziwa, chimene ndikudziwa ndi kutentha kwa mu greenhouse masana, ndi kukwera mitengo ya kanjedza kukamanga matumba pa zipatso. Tsabola amene anthu akudalitsa pa tebulo ku Tel Aviv ndi ku Ulaya wathyoledwa ndi ife ndi anzathu a ku Thailand. Pa famu yathu tikukanganabe za maola owonjezera, pamene anzathu a famu yoyandikana nayo amalandira zonse bwinobwino, abwana awo mpaka amawaitanira chakudya pa zikondwerero. Ndiye ndimafunsa, wothyola tsabolayo ali pati m'madalitsomo?

Mphunzitsi Wopuma: Funso lako, mwana wanga, ndi limene Ben Zoma uja anadzifunsa. Anati taonani ntchito imene Adamu anagwira asanadye mkate: analima, anafesa, anakolola, anamanga mitolo, anapuntha, anapeta, anasankha, anapera, anasefa, anakanda, anaphika, ndiye n'kudya. Koma ine ndimadzuka m'mawa n'kupeza zonsezi andichitira kale. Anatinso mlendo wabwino amati taonani mwininyumba wavutikira ine, pamene mlendo woipa amati ndadya chiyani ine, kanyama kamodzi, zonsezi anaphikira mkazi wake ndi ana ake.

Kuzindikira zabwino zimene wina wakuchitira amakutcha hakarat hatov, ndipo amakuyesa muzu wa khalidwe. Amaphunzitsa ana kuti pa miliri ya ku Iguputo, amene anamenya mtsinje wa Nailo ndi ndodo anali Aroni, osati Mose, chifukwa mtsinjewo unasunga Mose ali khanda. Werengani Eksodo 7:19, muona kuti mawu akuti uza Aroni. Ngati madzi osamva kanthu ayenera ulemu wotere, nanji munthu. Talmud ili ndi mwambi wake: chitsime chimene wamwapo usaponyemo dothi.

Za malipiro ndiye si nkhani ya mtima wabwino, ndi lamulo. Deuteronomo 24:14 ndi 15 ikuti usapondereze waganyu wosauka, kaya ndi m'bale wako kaya mlendo wokhala m'dziko lako, umpatse malipiro ake dzuwa lisanalowe. Mlendo akutchulidwa ndi dzina. Ndipo popeza watchula kanjedza: Mishnah imalola wantchito kunena Shema ali pamwamba pa mtengo, osatsika, kuti asadye nthawi ya womulemba. Mbali zonse ziwiri anaziyang'ana.

Woyang'anira Gulu: Ndikumbutse kuti nkhani ya mabwana odula malipiro ilinso m'maesiteti a fodya ndi tiyi kwathu konkuno, eni ake akukhala kutsogolo m'tchalitchi. Tisaisandutse ya mtundu wa anthu. Pitirizani.

Nesi wa ku Manchester: Pa zipatso zimene akulu ampingo akunena, chimene chinandidabwitsa ine ndi mwezi wa Elul, cha mu August ndi September. M'mawa uliwonse kupatula Sabata amaimba lipenga la nyanga ya nkhosa, ndipo anthu amayamba kuyenderana kupepesana. Mwana wa agogo ena, bambo wa ulemu wake, anandiimitsa pakhonde n'kunena kuti miyezi yapitayo anandikalipira za mankhwala a amayi ake pamene kulakwa sikunali kwanga, ndimukhululukire. Ine ndinali nditaiwala. Iye anakumbukira tsiku ndi mawu amene ananena.

Mphunzitsi Wopuma: N'chifukwa cha chiphunzitso chakuti Yom Kippur imafafaniza machimo a pakati pa munthu ndi Mulungu, koma a pakati pa munthu ndi mnzake siifafaniza mpaka utakamupepesa mwini wakeyo, ndi kubweza ngati unamulanda. Akakana, ubwererenso mpaka katatu. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wachiyuda amene anamwalira ku Iguputo mu 1204, anati kulapa kwenikweni kumaoneka pamene mpata womwe uja wabweranso, mphamvu ukadali nazo, koma osachita.

Ndiye m'zaka za m'ma 1800 ku Lithuania kunabuka gulu la Mussar, loyambitsidwa ndi Rabi Israel Salanter, amene anamwalira mu 1883. Iye anaona zomwe akulu ampingo akunenazi: anthu osamala kwambiri za chakudya choyera koma osasamala lilime ndi malonda awo. Njira imodzi imene ankalimbikitsa ndi ya kabuku: makhalidwe 13, monga kuleza mtima, kunena zoona, kudzichepetsa, kusamala ndalama. Mlungu uno ukulimbana ndi limodzi lokha, madzulo n'kulemba pamene wagwa. Milungu 13 ikatha uyambiranso, ndiye pachaka khalidwe lililonse ulibwerera kanayi. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania komweko, amayi a ku Glenhazel mwina dzinali analimvapo.

Pali nkhani imene imasimbidwa za iye. Ophunzira ake popita kukayang'anira kuphika kwa mikate yopanda chotupitsa ya Pasaka anamufunsa kuti asamale chiyani koposa. Ankayembekeza za ufa ndi madzi. Iye anati musakalipire amayi okanda ufawo, ambiri ndi amasiye.

Mayi a ku Glenhazel: Eeh, ameneyo ankadziwa. Pasaka ikamayandikira ndi pamene msana wanga umadziwa kuti ndili pantchito. Kabati iliyonse kutulutsa zonse, matumba a majekete kuwapindula, mipando ya galimoto, mabuku a ana kuwakutumula kufuna nyenyeswa za buledi. Mbale zonse kusintha, kutsitsa za Pasaka m'makatoni. Amadamu mtima umakhala m'mwamba, mawu amatha kukwera. Chilungamo chake, tikamaliza amandithokoza pamaso pa alendo pa tebulo, ndipo envelopu imakhalapo. Koma nkhani ya amasiyeyo ndikawafotokozera chaka chamawa tisanayambe, osati titamaliza.

Wa ku Ndirande: Muimate pakhoma amayi, pafupi ndi kapepala kaja.

Mkulu wa Mpingo: Za kabuku ka makhalidwe ndazikonda, ndikazitchula ku bungwe la abambo. Za madalitso 100 ndikadali pomwe ndinali. Chipulumutso ndi chisomo, si kuwerenga.

Mtsikana wa ku Chanco: Iwo sanati akugula chipulumutso abambo, nkhani imeneyo ndi yathu. Koma tiisiye, ingatifikitse mawa. Achimwene a ku Arava, pa za maola: muzilemba tsiku lililonse nthawi yolowera ndi yotulukira, aliyense m'kope mwake, ndipo muzijambula mapepala a malipiro pa foni. Mukapita kukadandaula mupite gulu, ndi zolembazo m'manja.

Mnyamata wa ku Arava: Makope tinayamba kale, asisi, anatiphunzitsa ndi anzathu a ku Thailand. Aphunzitsi, nditumizireni vesi la Deuteronomo lija ku inbox, ndipeze wondilembera m'Chiheberi. Kuno kwada, mawa tikulowa 5 koloko kusanatenthe.